Migula Isanu Yopendama

Munda wa bambo ake a Tsabola unali pamtsetse, ndipo dzinja lililonse mvula inkaupala ngati mpeni pa chikopa. Dothi lakuda limene malemu amayi ake ankalitama linatsikira kudambo kalekale. Chotsala chinali katondo wofiira ndi timiyala. Kumadzulo kwa munda kunali chigwembe chimene chinayamba ngati kanjira ka mbuzi, koma tsopano munthu wamtali akalowamo ankangooneka chipewa, ndipo chaka ndi chaka chinkabenthula mizere iwiri kapena itatu n'kumeza. Zokolola za chaka chathacho zinatha mango asanayambe n'kupsa komwe.

Pakhomopo panali anthu asanu: bambo, amene msana unawaletsa khasu, mchimwene wake wa Tsabola ndi mkazi wake, khanda lawo, ndi Tsabola mwini. Dzinalo sanabadwe nalo. Analitola kusukulu, tsiku limene anauza aphunzitsi pamaso pa kalasi yonse kuti akukwapula mwana wosalakwa, ndipo sukulu yake inathera pomwepo. Anthu ankati mtsikana ameneyu ukamulawa umafuna madzi.

Mwezi wa Ogasiti kunabwera woumba njerwa pa njinga yamoto. Anazungulira munda akutokosa pansi ndi nsonga ya nsapato, n'kunena kuti katondo wotere kumulima n'kumuzunza, iyeyu ndi wa njerwa. Anati amupatse munda akumbe zaka ziwiri, iye adyetsa banja lonse chimanga mpaka njala itadutsa. Mchimwene wake anavomera mawu asanathe n'komwe. Ndipo sungamunene mchimweneyo: mkazi wake mawere anali atayamba kuuma, khanda likulira kulira kopanda misozi.

Tsabola ankaidziwa minda imene woumba njerwa anadutsamo. Inali tsidya la msewu. Munali maenje akuya odzaza madzi obiriwira ndi udzudzu, eni ake akuyenda makasu paphewa kufuna ganyu m'minda ya anzawo. Zaka ziwiri zawo zinatha kale, koma dothi likapsa mu uvuni silibwerera kumunda. Anamuuza woumba njerwayo zimenezi, ndi zina zosayenera kulemba, mpaka bambo anamenyetsa ndodo pansi.

"Ndakupatsa dzinja limodzi," anatero bambo mlendoyo atachoka. "Munda ukatidyetsa, ndi wako. Ukapanda kutidyetsa, usadzandilankhulenso za nkhaniyi. Ine sindiika mdzukulu m'manda chifukwa cha timiyala."

Chimene Tsabola ankadalira anachiona kamodzi kokha, ndiponso moba. Alangizi a zaulimi sankakwera kumtsetse. Njinga yawo inkadziwa minda ya m'mbali mwa msewu, ya anthu okhala ndi mipando ndi tiyi wa mkaka. Tsiku lina akuchokera kuchigayo anawapeza akuphunzitsa gulu lawo kuyeza migula, mizere ikuluikulu yodula mtsetse chopingasa kuti madzi aime n'kulowa pansi m'malo mothamanga ndi dothi. Anaima kuseri kwa mpanda, thumba pamutu. Choyezeracho chinali cha nsungwi zitatu: ziwiri zomangidwa pamodzi kumwamba n'kutangadza ngati miyendo, yachitatu yopingasa pakati. Kuchokera pamwamba panalendewera chingwe chokhala ndi mwala. Chingwe chikagwera pa kamzere kolembedwa pakati pa nsungwi yopingasayo, ndiye kuti miyendo yonse iwiri yaponda pofanana, mumakhoma chikhomo pamenepo n'kupita patsogolo. Tsabola atangoona zimenezo, mayi wina wa m'gulumo anamufunsa mokweza ngati dzina lake lili m'kaundula. Munalibe. Anachoka phunziro lili pakati, akutafuna mawu amene sanathe kulavula chifukwa cha thumba lolemera.

Anadula nsungwi kudambo, anayeza miyendo ndi chingwe mpaka inafanana, pakati n'kucheka kamzere ndi mpeni. Anayambira kumtunda kwenikweni, m'mphepete mwa chigwembe, kulowera kum'mawa kumene munda unathera panjira. Analibe womugwirira. Ankaimika choyezera, kudikira mwala usiye kuvina, kukhoma chikhomo, kenako kunyamula chinthu chonsecho n'kuika mwendo wakumbuyo pamene panali wakutsogolo. Dzuwa la Seputembala linkamuwamba ngati chinangwa. Madzulo ankabwera nacho paphewa n'kuchitsamiritsa pakhonde, kuopa chiswe ndi ana otola nkhuni.

Mchimwene wake anachipatsa dzina tsiku lachiwiri lomwe. "Alamu aswera bwanji?" ankatero akuchigwira mwendo ngati akupereka moni. "Koma chemwali wapeza mwamuna iwe. Sadya, samwa, ndipo ukamutukwana sayankha."

"Ndiponso amapita kumunda, achimwene, mosiyana ndi amuna ena."

Mlamu wake weniweni, mayi wa khanda uja, ankaseka chobisa nkhope kuti asaoneke ngati watenga mbali.

Mizere itatu yoyamba inayenda bwino. Akuyamba wachinayi, mwendo umodzi unakodwa pakati pa miyala n'kung'aluka kuphazi. Tsabola anatukwana mwalawo ndi makolo ake, anatenga chikwanje n'kudula pong'alukapo, mwina zala zitatu basi, kuti phazi likhale losalala. Anapitiriza. Kamzere kapakati kanali pomwe kanali, chingwe chinkagwerapo monga kale, ndiye akanakayika chiyani? Anayeza wachinayi mpaka wachisanu ndi chitatu, wakumunsi kwenikweni, mwendo wathunthu kutsogolo, wodulidwa kumbuyo.

Kuyeza kunali kusewera. Kukumba ndiye kunamudya. Miyezi iwiri anaunjika migula isanu ndi itatu yofika m'maondo, m'mimba muli phala lamadzimadzi la kamodzi patsiku. Matuza anaphulika, n'kutuluka ena pansi pake. Anazula udzu wa vetiva m'mbali mwa msewu n'kubzala pamsana pa mgula uliwonse kuti mizu igwire. Anasesa makola a mbuzi a anthu ena, malipiro ake manyowa omwewo, n'kuwasenza pa dengu kukwera mtsetse. Ambiri anawathira kumunsi, pakati pa munda, kumene dothi linali lochindikalako. Mapesi akale sanawotche, anawayala pansi. Mvula itagwa anabzala chimanga, pakati n'kuikamo nandolo.

Ndipo chinamera. Pofika Januwale chinali m'chiuno, chobiriwira mochita kuda, mtundu umene mundawo unaiwala kalekale. Mchimwene wake anasiya kufunsa za alamu. Tsiku lina Tsabola anamupeza ali chiimire pakati pa mizere, akusisita tsamba ngati khutu la mwana wang'ombe, ndipo atamuona mlongo wake anati amafuna nkhuku yosochera.

Mvula yeniyeni inabwera Lachiwiri masana. Inagwa ngati wina wang'amba thumba, madenga a malata a anthu akumunsi akumveka mpaka kumtsetse. Tsabola sanathe kudikira. Anathamangira kuchigwembe mvula ili mkati, poterera akugwira pansi ndi manja. Zaka zonse chigwembecho pa mvula yotere chinkabangula. Tsiku limenelo munkangodutsa timadzi tosafika m'kakolo. Anaseka yekha, madzi akumulowa m'kamwa, n'kubwerera kunyumba ndi mawu okonzeka kale okauza mchimwene wake.

Pabwalo anapeza amake mapasa. Anali mayi wamasiye amene nyumba yake ya zidina inali kumunsi, tsidya la njira, moyang'anizana ndi ngodya ya kum'mawa ya munda. Anaima chinyowere, mwana mmodzi kumbuyo wina padzanja, akufotokozera bambo ndi mawu otsika a munthu amene mantha amuthera mphamvu. Anati madzi anatsika ndi njira ngati mtsinje, ofiira, anamenya khoma la kuseri, analowa kuchipinda n'kutulukira pakhomo ndi mphasa. Nyemba za kuseri kwa nyumba zinapita zonse. Khoma linang'aluka polowa dzanja. Anati wakhala pamenepo zaka khumi ndi chimodzi, madzi sanadutsepo pangodya imeneyo.

Tsabola sanafunikire kuuzidwa wolakwa. Pamwamba pa phiri panali wamakala, mkulu wa imvi amene chilimwe chonse anagwetsa mitengo ya kumutu kwa mtsetse, utsi wake ukufuka ngati maliro a nkhalango. Mawa lake kutangocha anakwera. Anadutsa pamjigo akulankhula kale, moti amayi anasiya zidebe kumutsatira ndi maso, ena ndi mapazi. Anamupeza wamakala akusoka matumba, anyamata a njinga awiri akudikira katundu. Anamuuza kuti wavula phiri ngati nkhuku, kuti amadya thukuta la amasiye, kuti tsiku limene mapasa adzakwiririke ndi khoma adzabwere ndi makala ake kudzaphikira anamalira. Mkazi wa wamakala analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Mkuluyo anamusiya mpaka mpweya unamuthera. Kenako analuma ulusi, n'kubaya singano pathumba.

"Mitengo ndinadula, sindikana. Njala ndi imodzi, mwana wanga, kwanu ndi kuno. Koma madzi a kuno chiyambire amatsikira m'chigwembe chanu. Ndani wawaphunzitsa njira yatsopano?"

Anati atsike limodzi, madzi sabisa mapazi. Tsabola anavomera kuti akamuchititse manyazi pamalo pomwepo. Anatsata udzu wogona ndi zinyalala zokodwa m'zitsa mpaka kumutu kwa munda. Kuseri kwa mgula woyamba madzi anali akadaima, dziwe lalitali lopyapyala kuchokera kuchigwembe mpaka kunjira, kuya kwake kofanana. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi, pansi pake matope akuda ofewa amene mvula inaba kuphiri n'kusiya pamenepo. Wamakala anagwedeza mutu, nati ntchito iyi ndi ya munthu.

Pa wachinayi munalibe dziwe. Kumbali ya chigwembe kunali kouma ngati sikunagwe mvula. Akuyenda kulowera kum'mawa, ngalande ya kuseri kwa mgula inayamba kuoneka yopalidwa, kenako yokumbika, ndipo pothera panjira inali itadya mpaka mwala wapansi. Wachisanu chimodzimodzi. Yonse isanu yakumunsi inali itatola madzi a munda wonse n'kuwathira panjira, ndipo njirayo inaloza khoma la amake mapasa ngati chala.

Tsabola anati sizingatheke, anayeza yekha, chikhomo ndi chikhomo. Wamakala anati akatenge choyezeracho. Ali mnyamata anagwirapo ntchito kwa amisiri omanga nyumba, ndipo chinthu choyamba chimene anamumenyera khofi chinali kukhulupirira choyezera asanachiyese. Tsabola anabwera nacho, mchimwene wake akumutsatira pambuyo chifukwa nkhani ya pamjigo inali itafika kale kunyumba.

Mkuluyo anachiimika, anasuntha mwendo mpaka chingwe chinagwera pakamzere, n'kuika kamwala pamene phazi lililonse linaponda. Kenako anachinyamula n'kuchitembenuza, mwendo wa uku kupita uko, pa timiyala tomwe tija. Mwala unavina, unavina, n'kuima. Chingwe chinali kutali ndi kamzere, mpata wa chikhatho chathunthu.

"Mwendo uwu unaudula?"

"Unang'aluka. Ndi zala zitatu zokha."

"Zala zitatu pa chikhomo chilichonse. Mzere umodzi uli ndi zikhomo zingati?"

Tsabola ankazidziwa, anazikhoma yekha, makumi anayi ndi kanthu. Wamakala anafotokoza mosakweza mawu kuti mwendo ukasintha, kamzere kamafunika kulembedwanso. Ndipo ngakhale akanaiwala zimenezo, akanakhala kuti poyenda ankachizunguza pa mwendo umodzi, uku kutsogola uwu uku kutsogola unzake, bodza la chikhomo chimodzi likanadyedwa ndi chotsatira. Koma iye ankachinyamula chiyang'anire kumodzi, ndiye bodzalo linkangosanjikizana mpaka kunjira. Anamufunsa ngati alangizi sananene zimenezo. Tsabola anati mwina ananena, iye atathamangitsidwa kale. Ukali unamudzera, wa mayi wa kaundula uja, wa njinga yosadziwa mtsetse, ndipo unali ukali woona. Koma unalibe poutula. Chikwanje chinali chake, dzanja linali lake.

Kum'mwera mitambo inali itayamba kuunjikana, yakuda pansi, ndipo kunja kunali chifundizi cha mvula ya masana. Wamakala anayang'ana kumwamba, nati kukonza migula isanu ndi ntchito ya mwezi. Chotheka lero ndi chimodzi: kuiboola pakati, yonse isanu, madzi asafike kunjira koma atsike chindunji kudambo. Onse atatu anayang'ana pakati pamundapo. Ndi pamene panali manyowa, ndi pamene chimanga chinali chitadutsa m'chiuno.

Mchimwene wake ndiye anayamba kulankhula, ndipo sankaseka. Anati palibe akudziwa koma iwo atatu. Anthu onse amva pamjigo kuti ndi mitengo ya kuphiri. Nyumba za zidina zimagwa dzinja lililonse, amake mapasa akhoza kugona kwa abale awo mpaka mvula itatha, iye mwini adzawathandiza kuumba khoma lina chilimwe. Koma chimanga chikapita chapita.

"Si iwe unkalira kuti munda usapite ku njerwa? Ndi uwu watidyetsa. Ukufuna uuphe ndi dzanja lako?"

Anatembenukira kwa wamakala, amene anangokweza mapewa. "Ine sindinena kanthu. Dzina langa linada kale, lingadenso kuposa apa?"

Wamakala akanakana kusunga chinsinsicho, zikanamupepukira Tsabola. Anawasiya pomwepo n'kutsika kukaona khomalo, mumtima akupempha kuti alipeze lolimba. Anapeza amake mapasa akuchirikiza ndi mtengo wa bulugama umene sukanachirikiza ngakhale khola la nkhunda. Zidina zapansi zinali zitasungunuka ngati sopo. Mng'alu unayambira pamaziko mpaka kudenga, ndipo kudzera pamenepo ankaona m'chipinda: bulangete lonyowa pachingwe, mapasa atakhala pa chidebe chovundikira akugawana mbatata imodzi. Anafunsa za abale. Amake mapasa anati abale a malemu amuna awo anasiya kuwadziwa tsiku la maliro, akwawo enieni ali kutali, ulendo wa masiku awiri. Kenako anamugwira dzanja.

"Ndamva zimene mwachita kuphiri, chemwali. Ine ndilibe pakamwa. Mwandilankhulira."

Tsabola anayang'ana dzanja lakelo, la zipsera za matuza, lili m'manja mwa mayiyo.

"Madziwa ndi anga," anatero. "Si a wamakala. Ndinayeza mokhota, migula yanga ndi imene ikuwathira pakhoma panu. Tulutsani ana, mukhale nawo pansi pa khonde lathu mpaka ndibwere."

Sanadikire kuona nkhope yawo. Anadzera kunyumba kutenga khasu, ndipo mlamu wake, khanda pachifuwa, anangomuyang'ana. Kuyang'ana kumeneko kunamupweteka kuposa mawu onse a mchimwene wake.

Anayambira pa mgula wachinayi. Khasu loyamba linadula vetiva amene anamusenza kuchokera kumsewu, mizu yake itagwira kale moti inalira pong'ambika. Mchimwene wake anafika akuthamanga n'kugwira mpini. Analimbana, akuterereka m'matope ngati ana, mchimweneyo akumutchula wamisala, wodzikonda, wofuna kuoneka woyera pamimba za anzake. Anamufunsa kuti mwana wake walakwa chiyani. Tsabola anangoti ana a kumunsi nawonso sanalakwe, ndipo khoma silidikira chilimwe. Madontho oyamba atagwa, akuluakulu ngati ndowe za mbuzi, mchimwene wakeyo anasiya mpini. Anakhala pansi pamgula, manja kumutu.

Tsabola anaboola pakamwa pawiri pa mgula uliwonse, mosayang'anizana, kuyesa kuti madzi agawike asakhale mtsinje umodzi. Wamakala, amene sanapite kwawo, anakatenga khasu la mchimwene uja kunyumba n'kuyamba kuunjika dothi kutseka ngalande kumapeto a kunjira. Pofika pa mgula wotsiriza mvula inali itatseka maso, Tsabola akukumba chogwada, madzi akumumenya m'chiuno.

Anaimirira pambali n'kuonerera. Madzi anatulukira pakamwa poyamba, anagwera pa wachisanu, anapeza pena, n'kukula. Timipata take tosayang'anizana anatiseka. Anang'amba migula pakatipo n'kupanga msewu wawo, wofiira poyamba, kenako wakuda ndi manyowa a miyezi iwiri. Chimanga chinkapendama, kugwedezeka pang'ono ngati chikukana, n'kutembenuka mizu m'mwamba. Mapesi oyala pansi anayandama ulendo wa kudambo. Tsabola anayesa kugwira mapesi awiri atatu obiriwira amene anamudutsa pafupi, n'kupezeka wawakumbatira pachifuwa osadziwa kuti achita nawo chiyani.

Panjira panadutsa madzi ochepa, a njira yokha. Khoma linaima.

Bambo anapita kumunda mawa lake, koyamba chichokereni chilimwe, ndodo kudzanja limodzi mwana wawo wamwamuna kudzanja linalo. Pakati pa migula isanu panali bala lotakata kuposa ngolo ziwiri, lofika pamwala, ndipo m'mbali mwake chimanga chinagona chokwiririka ndi mchenga. Chotsala chinali cha m'ngodya, kumene manyowa sanafike, chachikasu ndi chofika m'maondo. Anayang'ana nthawi yaitali. Anakwera pang'onopang'ono mpaka pa itatu yakumtunda, anazika ndodo m'matope akuda aja, anaizula n'kuyang'ana pamene matope analekezera.

Tsabola anali atakonza zonena usiku wonse: kuti njirayo ndi yoona, cholakwa ndi mwendo umodzi, chaka chamawa adzayeza bwino. Atatsegula pakamwa bambo anakweza dzanja.

"Ndikudziwa. Itatu iyi sinaname. Koma itatu sidyetsa anthu asanu, ndipo chaka chamawa chili kutali ndi mwana uja. Kumunsi kupita ku njerwa. Kumtunda kuno ndakusiyira. Usandithokoze, palibe chimene ndakupatsa."

Tsabola analira, anakalipa, anati dothi limene latsala kumunsiko likhoza kuchira, maenje sachira. Bambo anamva zonse osamudula, chinthu chimene sanachitepo, ndipo atamaliza anauza mchimwene wake kuti akaitane woumba njerwa uja.

Asanabwere, Tsabola anadzera pamjigo nthawi ya m'mawa pamene zidebe zimachuluka, n'kunena mokweza monga ananenera poyamba kuti madzi aja anali ake, ndipo iye anamunamizira wamakala. Anaonjeza kuti mitengo yokha anadula ndithu, ndipo zimenezo sabweza. Amayi ena anaseka, wina nati tsabola wagwa m'diso la mwini.

Woumba njerwa anafika Lolemba ndi matumba a chimanga pangolo ndi chingwe chachitali. Ankafuna malire owongoka, kuyambira pansi penipeni pa mgula wachitatu. Tsabola anaima pa chikhomo chake choyamba. Anati akakumba pamenepo, mvula ikubwerayi mgulawo ugwera m'dzenje, wachiwiri n'kutsatira. Malire atsike mapazi khumi ndi asanu, ndipo akhote motsata mtsetse. Woumba njerwa anauza bambo kuti sanabwere kudzapangana ndi ana aakazi. Bambo anati munda wakumtunda mwini wake ndi ameneyo, apangane naye. Anakangana mpaka dzuwa pamutu, ngolo isanatsitsidwe, khanda likulira pakhonde, mlamu wake akuyang'ana matumbawo. Tsabola ankaona kuyang'anako. Anatsika kufika pa mapazi khumi, kenako asanu ndi atatu. Pamenepo anakhala pansi pa dothi, nati amene akufuna asanu ndi awiri ayambe wakumba iye.

Anapatsidwa asanu ndi atatu. Malirewo anayeza yekha, miyendo ya choyezera ataidula mofanana, kamzere atalemba kawiri, akuzunguza pa chikhomo chilichonse. Mzere unatuluka wokhotakhota ngati njoka, ndipo woumba njerwa anaulavulira.

Mvula itadukiza sabata yotsatira anyamata anayamba kukumba kuti dothi livunde podikira chilimwe. Ankafuna anthu ena opondaponda, ndipo mchimwene wake analembedwa tsiku loyamba. Tsabola ankamuona ali kumtunda, buluku atapinda mpaka m'ntchafu, akuponda matope a munda wa bambo ake, masamba a chimanga akutulukira pakati pa zala. Sankayang'ana kumtunda. Pakhomo pankafuka utsi kawiri patsiku tsopano, ndipo khanda linayamba kugona. Tsabola ankadya nawo. Njala siisankha thumba, ndipo iye ankadziwa bwino kumene chimangacho chachokera pa supuni iliyonse.

M'mawa ankatsika ndi mtolo wa vetiva wozula pa migula yophedwayo asanaifike okumba, n'kumubzala m'mphepete mwa malire, mizere iwiri yothithikana. Makasu a kumunsi ankayandikira tsiku ndi tsiku. Lachisanu khoma la dzenje linali litafika pa zikhomo zake, lakuya kuposa munthu, ndipo pangodya ina dothi linali litayamba kale kugumukira mkati. Anagwada pamenepo n'kuyamba kukhoma zikhomo zina, ziwiriziwiri, kuti zigwire dothilo, mitambo ikusonkhananso kum'mwera.